Kadisiki ka Pagalasi Kakulemera M'thumba ku Bua

Msewu wa M5 ukachoka pa boma la Nkhotakota kulunjika ku Dwangwa umaoloka Bua, mtsinje umene wayambira kutali ku Mchinji n'kudzera m'nkhalango yosungira nyama ya Nkhotakota usanathire m'nyanja. Pafupifupi chilichonse chimene anthu a kuno amapezera ndalama chimayenda pa phula limeneli. Mpunga wa pa sikimu ya Bua umakwera lole kupita ku misika ya ku Lilongwe. Usipa ndi utaka wouma zimapakiridwa m'matumba kuchokera kumadooko. Nzimbe zimakokedwa kupita ku fakitale ya Illovo ku Dwangwa. Pakati pa zonsezi pamadutsa ma Sienta, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza, kuyambira mbandakucha mpaka usiku.

Lamulo la pamsewu la dziko lino, Road Traffic Act, limati galimoto kapena njinga yamoto isaponde pamsewu popanda inshuwalansi yoteteza anthu ena amene ingawavulaze. Imeneyi ndi ija amaitcha third party. Umboni wake ndi kadisiki komata pagalasi lakutsogolo, pambali pa ka COF kosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndipo wapolisi wa pamsewu akaimitsa galimoto pa rodibuloko amayamba wasuzumira pomwepo. Mwini galimoto akapita kukagula ka chaka chatsopano amapeza kuti mtengo si uja wa chaka chatha. Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti pamene akulipira zambiri, zimene pepalalo lingamuchitire tsiku la ngozi zikunka zichepa.

Inshuwalansi siisiyana kwenikweni ndi chopereka cha pamaliro m'mudzi. Aliyense amaponya kangachepe m'mbale, ndipo amene tsoka lamugwera ndiye amathandizidwa, poti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kusiyana kwake n'kwakuti wosunga mbaleyo ndi kampani yofuna phindu, ndipo imawerengeratu kuti chaka chimenecho idzatulutsa zingati. Ikaona kuti zotuluka zichuluka, imakweza chopereka.

Kwacha ndiyo yayambitsa

Zotuluka zachulukadi, ndipo gwero lake ndi kugwa kwa kwacha. Mu May 2022 Banki Yaikulu ya Reserve inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inaichepetsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi, imene inali pafupifupi K1,180, inadzuka ili pa K1,700. Pofika March 2024 inali pa K1,751. Umenewu ndi mtengo wa kubanki, komwe ndalama zakunja zimasowa. Wamalonda amene akufuna dola lero lomwe amakaipeza kumsika wamseri, komwe nthawi zina mtengo wake wakhala ukuposa kawiri wa kubanki.

Tsono m'Malawi muno mulibe fakitale yopanga galimoto. Sienta imene ikuthamanga pakati pa Nkhotakota ndi Dwangwa inachokera ku Japan, ndipo zambiri zotere zimatsikira padooko la Dar es Salaam n'kulowera pachipata cha Songwe. Galasi lake, nyale zake, bampala, ledieta, penti imene makaniko adzapopere ikaphwanyika, zonse zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Chipangizo cha madola 100 chimene kumayambiriro kwa 2022 chinkagulidwa ndi ndalama zongopitirira K80,000, mu 2024 chinkafuna K175,000 pamtengo wa kubanki, tisanawerengere msonkho ndi phindu la wogulitsa masipeyala. Kampani ya inshuwalansi imalandira chopereka cha chaka chonse kumayambiriro, m'makwacha, koma galimoto imadzaphwanyika miyezi isanu ndi itatu kutsogolo, mitengo itasintha kale. M'chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inakwera ndi 30 peresenti n'kupitirira. Kampani imene sikweza chopereka m'nyengo yotere ndiye kuti yasankha kugwa.

Palinso china chimene mwini galimoto sachiona. Makampani a inshuwalansi nawonso amadziika pa inshuwalansi. Amatenga gawo la chiopsezo chimene asenza n'kukachitula ku makampani ena akuluakulu, ambiri mwa iwo akunja, kuti tsoka lalikulu likagwa asagwe nalo okha. Mitengo ya inshuwalansi yachiwiriyi inakwera padziko lonse kumayambiriro kwa 2023, chifukwa cha kuchuluka kwa namondwe, moto ndi madzi osefukira m'mayiko osiyanasiyana. Mu March chaka chomwecho namondwe wa Freddy anasakaza chigawo cha kummwera kwa dziko lino, n'kuwononga katundu woposa madola 500 miliyoni. Munthu wa ku Bua sanakhudzidwe ndi matope amene namondweyo anagumula ku Soche, koma mbale imene amaponyamo ndi yomweyo.

Msampha wa mtengo wakale

Inshuwalansi ya comprehensive, imene imalipira ngakhale kuwonongeka kwa galimoto ya mwini wake, amaiwerengera potengera mtengo wa galimotoyo. Galimoto ikakwera mtengo, chopereka chimakweranso, ngakhale kampani isasinthe peresenti yake. Apa ndi pamene ambiri amaganiza kuti achenjera. Polembetsa chaka chatsopano amatchula mtengo womwe uja anagulira galimoto zaka zitatu zapitazo, kuti alipire zochepa.

Tiyerekeze kuti munthu analembetsa galimoto yake pa K6 miliyoni, pamene pamsika lero ikugulidwa K12 miliyoni. Tsiku lina yawombana ndi inzake pa umodzi mwa milatho yopapatiza ya M5, ija yodutsa galimoto imodzi pa nthawi, ndipo galaja yati kukonza kudya K2 miliyoni. Mwiniwake amayenda mtima uli m'malo, poganiza kuti K2 miliyoni ili m'kati mwa K6 miliyoni. Koma m'mapangano ambiri a inshuwalansi muli ndime yonena kuti amene wateteza theka la mtengo wa katundu wake adzalandira theka la zowonongeka. Kampani idzapereka K1 miliyoni, ndipo pa ndalama imeneyo idzachotsaponso gawo lija amati excess, limene mwini galimoto amasenza yekha pa ngozi iliyonse. Galimoto ikatheratu osakonzekanso, mwiniwake adzalandira ndalama zosapitirira K6 miliyoni, zimene sizingagule galimoto ina yofanana nayo.

Ndimeyi si yachinsinsi. Inalembedwa m'mapepala amene mwini galimoto anasaina, kungoti m'Chingerezi cha maloya komanso m'zilembo zing'onozing'ono. Ndi ma ejenti angati amene amakhala pansi n'kumufotokozera kasitomala m'Chichewa asanalandire ndalama? Makampani amadandaula kuti Amalawi sakhulupirira inshuwalansi, koma munthu amene wauzidwa za ndime yotere galimoto ili kale pagalaja sangabwererenso ndi chimwemwe, ndipo amauza mudzi wonse.

Amene anagula galimoto pa ngongole ya kubanki alibe kothawira, chifukwa banki imafuna comprehensive mpaka ngongole ithe. Chiwongoladzanja nachonso sichinamusiye. Mu February 2024 Banki Yaikulu inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki a malonda ankabwereketsa pamwamba pa pamenepo.

Ena onse amabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Wa comprehensive amatsikira ku third party. Wa third party ya chaka chonse amayamba kugula ya miyezi itatu, ndipo ikatha amayenda kaye masabata angapo akudalira kuti wapolisi sayang'anitsitsa deti. Wina amagula kadisiki kotchipa kwa munthu wosadziwika bwino, n'kudzazindikira tsiku la ngozi kuti kampani siikudziwa nambala yake.

Ndiye pali njira ina yofala kwambiri m'misewu ya m'mbali mwa nyanja. Galimoto yonyamula anthu olipira iyenera kukhala ndi nambala yofiira, chilolezo cha ntchitoyo kuchokera ku nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, komanso inshuwalansi yoteteza okwera, imene ndi yokwera mtengo kuposa ya galimoto ya pakhomo. Ambiri amalembetsa ngati ya pakhomo, kenako n'kuyamba matola. Kadisiki kali pagalasi, koma pangano lake silikhudza kunyamula anthu kuti alipire. Onjezani pamenepo kuti Sienta inapangidwira anthu asanu ndi awiri, pamene aliyense amene anakwerapo amadziwa kuti kumpando wakutsogolo kumakhala awiri, nthawi zina wina n'kukhala pambali pa dalaivala penipeni. Ngozi ikachitika, kampani imakhala ndi zifukwa zokwanira zokanira kapena zokokera nkhaniyo kubwalo la milandu. Mayi amene anakwera ndi dengu lake la nsomba sanafunsidwe maganizo pa zonsezi, koma ndi iye amene wasenza chiopsezo chimene mwini galimoto wachithawa.

Eni galimotowo sikuti onse ndi osasamala. Mafuta a petulo anafika pa K2,530 lita imodzi mu November 2023, kenako pa K3,499 mu October 2025, ndipo pakati pa zaka zimenezi panali miyezi yogona pamizere m'mafilingi siteshoni kapena kugula a m'zigubu pamtengo wowirikiza. Matayala amatha msanga pa phula lokumbikakumbika. Dalaivala ali ndi tageti yoti apereke kwa abwana madzulo. Pa zonse zofuna ndalama, inshuwalansi yokha ndiyo imene galimoto ingathe kulira popanda iyo.

Malire a K5 miliyoni

Ngakhale amene watsata zonse mwadongosolo ali ndi nkhawa yake. Lamulo limalola munthu wovulala pangozi kusumira mwachindunji kampani ya inshuwalansi ya galimoto imene yamuvulaza. Koma kampaniyo siilipira chilichonse chimene bwalo lagamula. Imalipira mpaka pa malire amene analembedwa m'pangano, ndipo kwa zaka zambiri chiwerengero chimene chakhala chikuonekera m'zigamulo za Bwalo Lalikulu ndi K5 miliyoni. Mu 2020, dola ili pafupifupi K750, ndalama imeneyi inali yoposa madola 6,000. Pamtengo wa K1,751 ndi yosafika madola 3,000.

Pamene mphamvu ya malirewo ikutsika, chipukuta misozi chimene mabwalo amagamula chikukwera, chifukwa oweruza amaganizira za kugwa kwa kwacha. Bwalo likagamula K12 miliyoni kwa munthu amene waduka mwendo, kampani n'kupereka K5 miliyoni yake, yotsalayo imagwera dalaivala ndi mwini galimoto. Kwa munthu wa minibasi imodzi, zikutanthauza kugulitsa minibasiyo, mwinanso ndi malata a nyumba. Kwa wovulalayo, nthawi zambiri zikutanthauza kukhala ndi chigamulo m'manja koma ndalama osaziona. N'zotheka kugula malire okwererapo polipira zowonjezera, koma m'nyengo imene anthu akuthawa chopereka cha masiku onse, amene amafunsa za zowonjezera ndi owerengeka.

Makampani nawo ali ndi madandaulo awo, ndipo si onse opanda pake. Kudzera m'bungwe lawo la Insurance Association of Malawi akhala akunena kwa zaka zambiri za chinyengo: ngozi zopeka, malipoti a kuchipatala okokomeza mabala, ndi anthu ena amene amasakasaka ovulala kuti awatengere kwa maloya n'kudyapo gawo. Ndalama iliyonse yotuluka mwachinyengo imadzabwezedwa ndi amene amalipira moona mtima.

Za kabaza ndiye nkhani ina. Njinga zamoto zambiri m'dziko muno sizinalembetsedwe n'komwe, ndipo njinga yopanda nambala siingagulidwire inshuwalansi. M'madera ngati Bua, kabaza ndiye amafika kumidzi ya kutali ndi phula, ndiye amanyamula wodwala kupita kuchipatala, ndiye amatsikira kudooko m'bandakucha. Mnyamata woyendetsa njinga ya abwana amayamba wapeza ya tageti ndi ya mafuta asanaganize za ndiwo. Madokotala a mafupa ku chipatala cha LION, pa Kamuzu Central ku Lilongwe, akhala akudandaula za kuchuluka kwa anthu othyoka pangozi za kabaza. Ambiri mwa anthu amenewa alibe kampani yoti akaisumire. Nkhani imathera pa kukambirana kwa mabanja awiri, mwina pamaso pa amfumu, ndipo chipepeso chimakhala chimene wolakwayo angakwanitse.

Chigayo, golosale ndi matumba a mpunga

Kwa wamalonda ang'onoang'ono amene lamulo silimukakamiza, kukwera kwa inshuwalansi kumangotseka chitseko chimene sanalowepo n'kale. Ndalama zonse zimene Amalawi amapereka ku inshuwalansi pachaka zimangozungulira pa 2 peresenti ya chuma cha dziko, ndipo zambiri zimachokera ku makampani akuluakulu ndi anthu a pantchito m'mizinda. Izi zili chonchi ngakhale kuti ntchitoyi si yachilendo kuno. NICO inayamba mu 1971, ndipo mu 1996 inakhala kampani yoyamba kugulitsa masheya pa msika wa Malawi Stock Exchange. Masiku ano pali ena monga General Alliance, Britam, Reunion, United General ndi Prime. Koma mwini chigayo chopunthira mpunga, mwini golosale ya pamsewu, kapena mayi amene waika mpamba wake wonse m'matumba makumi awiri a usipa n'kuwakweza pa lole, ambiri sanaonepo pepala la inshuwalansi ya moto, ya kuba kapena ya katundu wa paulendo. Inshuwalansi ya lole yomwe yanyamula matumbawo kawirikawiri siikhudza katundu wa eni ake. Lole ikagubuduzika, mpamba wapita.

Chaka cha 2024 chinaonetsa poyera kukula kwa vutoli. Kumapeto kwa February mvula yamphamvu inasefukiritsa mitsinje m'boma la Nkhotakota, makamaka cha ku Dwangwa. Anthu anamwalira, zikwi zambiri zinathawira m'misasa, ndipo msewu wa M5 unaduka. Miyezi yotsatira nyanja inakwera modabwitsa, n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota komwe. Amene anali ndi inshuwalansi ya nyumba anayenera kuwerenga bwino ngati pangano lawo likutchula madzi osefukira. Amene analibe anabwerera ku banki m'khonde, kwa achibale a ku Joni, kapena kwa wakatapila. Ndipo malo amene madzi afikapo kamodzi, kampani imawaona ngati oopsa, moti wofuna kuwateteza tsopano amauzidwa mtengo wokwererapo.

Chodabwitsa n'chakuti Nkhotakota ili m'mbiri ya inshuwalansi ya anthu osauka padziko lonse. Mu 2005 bungwe la alimi la NASFAM, mothandizidwa ndi World Bank, linayesa inshuwalansi ya mvula kwa alimi a mtedza pafupifupi 900 m'madera anayi: Chitedze, Lilongwe, Kasungu ndi Nkhotakota. Alimiwo ankatenga ngongole ya mbewu ku Opportunity International Bank kapena ku Malawi Rural Finance Company, ndipo inshuwalansi inkalipira potengera mvula imene yayezedwa pa siteshoni ya zanyengo, popanda munthu wopita kukayendera munda uliwonse. Nzeru yake inali yochepetsa ndalama zoyendetsera ntchito kuti chopereka chikhale chotsika. Boma nalonso linadzatengera njira yomweyi pogula inshuwalansi ya chilala ku African Risk Capacity, imene inalipira dziko lino madola 14.2 miliyoni mu 2022 ndi madola 11.2 miliyoni mu 2024. Zimenezi zikusonyeza kuti inshuwalansi yosavuta kumva ndi yotheka. Koma kufikira lero, zambiri zotere zimayenda pokhapokha pali bungwe lothandiza limene likulipirako gawo, ndipo wa kabaza kapena wogulitsa nsomba sanapangiridwe yake yofika pamudzi.

Mtunda nawo ndi mtengo

Pali mtengo wina umene sulembedwa pa lisiti. Kugula inshuwalansi n'kosavuta, chifukwa ma ejenti amapezeka m'matauni ang'onoang'ono ndipo ndalama ikhoza kutumizidwa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Kulandira ndiye ntchito. Munthu wochita ngozi pafupi ndi mlatho wa Bua ayenera kudziwitsa kampani mwamsanga, kukatenga lipoti la apolisi limene nalonso ndi lolipira, kupeza makoteshoni a magalaja, n'kudikira woyesa zowonongeka amene amachokera mumzinda. Maofesi amene amagamula za malipiro ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuchokera ku Nkhotakota kukafika ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Masiku onse amene galimoto yaima, dalaivala ndi kondakitala alibe cholowa, ndipo mitengo ya masipeyala siidikira kuti fayilo isainidwe. Koteshoni ya mwezi uno ikhoza kukhala yosakwanira pofika tsiku limene kampani ikuvomera.

N'chifukwa chake ngozi zing'onozing'ono zambiri zimathera pamsewu pomwepo. Madalaivala awiri amatsika, amayang'ana chophwanyikacho, amaimbira abwana awo, wina n'kunena kuti, "Tingomvana, akulu, za inshuwalansi zichedwetsa." Wolakwayo amalipira kuchokera m'thumba, ngakhale analipira kale kadisiki. Amaopanso kuti akakanena ku kampani adzataya kuchotseredwa kuja kumene amapatsidwa munthu amene watha chaka osapempha malipiro.

Amene akuona kuti kampani yamukana popanda chifukwa, kapena ikumuzengereza, ali ndi kodandaula. Lamulo la Financial Services Act la 2010 linapereka udindo woyang'anira makampani a inshuwalansi kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Banki Yaikulu ya Reserve, ndipo ofesi yake imalandira madandaulo a makasitomala kwaulere. Dongosolo lake ndi lakuti munthu ayambe wadandaula ku kampani komweko molemba kalata, asunge kope lake, ndipo akapanda kukhutira apite nazo kwa Registrar pamodzi ndi pangano, lisiti ndi lipoti la apolisi. Kope la pangano ndilo limasowa kawirikawiri, chifukwa ambiri akagula inshuwalansi amangolandira kadisiki kokha, osapempha mapepala ofotokoza malire, excess ndi zimene kampani siidzalipira. Wogula ali ndi ufulu wopatsidwa mapepala amenewa, ndipo nthawi yowapempha ndi tsiku lomwe akupereka ndalama kwa ejenti.